Mafunso ndi Mayankho: Kugwira Wailesi pa Mpikisano wa Liwiro M'tchire

Makalata a mwezi uno achokera kwa owerenga a ku Mchinji ndi ku Kasungu amene apemphedwa kukathandiza pa mpikisano wa liwiro la mtunda wautali, uja wopitirira makilomita 42.195 a marathon, wodutsa m'tinjira ta m'mapiri ndi m'nkhalango kumene foni sigwira. M'njira yotere mumakhala malo oyimapo pomwe othamanga amamwa madzi, kudya nthochi ndi kulembedwa nambala. Wogwira wailesi pamalopo ndi amene amauza likulu la mpikisano kuti wadutsa ndani, watsala ndani, wadwala ndani.

Akonzi, gulu lathu lapatsidwa malo oyimapo a pa kilomita 38 pa mpikisano wa makilomita 60 m'mapiri a Mchinji. Tili ndi mawailesi a m'manja anayi, a ova-ova aja, ndipo pabokosi analemba kuti amafika makilomita 10. Titayesa sanapitirire atatu. Tigule ena amphamvu? — Mlembi wa gulu la achinyamata, Kamwendo

Sungani ndalama zanu, achimwene. Chakuchepani si mphamvu ayi, koma msinkhu wa eriyo. Mafunde a VHF ndi UHF, amene mawailesi oterewa amagwiritsa ntchito, amayenda mowongoka ngati kuwala kwa tochi, ndiye chitunda chikakhala pakati pa inu ndi mnzanu, basi mawu athera pomwepo. Wailesi ya m'manja imatulutsa 4W kapena 5W. Ngakhale mutapeza ya 50W, chitundacho sichisuntha.

Pali kawerengedwe kothandiza. Tengani msinkhu wa eriyo iliyonse m'mamita, pezani square root yake pa kakyuleta ya m'foni, phatikizani mayankho awiriwo, kenako chulukitsani ndi 4.1. Chotuluka ndi makilomita. Anthu awiri ogwira mawailesi pa msinkhu wa mita 1.5 amapeza makilomita 10, koma zimenezo ndi pa malo athyathyathya opanda mtengo. M'nkhalango ya mombo ndi masuku masamba amamwa mafunde, makamaka a UHF, n'chifukwa chake inu munathera pa atatu. Tsopano kwezani eriyo yanu pa nsungwi ya mamita 6, a kulikulu akweze yawo mamita 10: mwafika pa makilomita 23. Muikenso pamwamba pa phiri lotalika mamita 100 kuposa dera lozungulira, mupitirira 50.

Eriyo yake mutha kupanga nokha. Pakufunika soketi ya SO-239, yolumikizirapo nthambo yopita ku wailesi, ndi waya wa kopa wolimba, wa mamilimita 2. Waya umodzi muuwotcherere pa kachitsulo ka pakati pa soketi, uime chilili. Ena anayi amangidwe pa mabowo anayi a m'ngodya, muwapinde aloze pansi motsetsereka, pakati pa kugona ndi kuima. Kutalika kwa waya woimirirawo mumakupeza m'mamita pogawa 71 ndi nambala ya MHz ya tchanelo yanu: pa 145 MHz ndi masentimita 49, pa 160 MHz ndi 44, pa 435 MHz ndi 16. Anayi enawo akhale otalikirapo pang'ono.

Ambiri amaphonya pa nthambo yolumikiza eriyo ndi wailesi. Ya pa TV ija ndi ya ma ohm 75, pamene wailesi imafuna ya 50. Nthambo ya wailesi yotchedwa RG-58, yomwe imapezeka mosavuta, imadya theka la mphamvu pa mamita 15 ngati muli pa VHF, ndipo pa UHF theka limatha pa mamita 10 okha. Musagule mpukutu wa mamita 30 n'kuunjika wotsala pansi pa tebulo. Dulani yokwanira basi. Polumikizira ponse kulungani tepi yakuda ya magetsi, chifukwa mame a m'mawa akalowa m'nthambo siigwiranso bwino. Kapolumikizira ka pamwamba pa wailesi ya m'manja n'kosachedwa kuthyoka, choncho pakati pa iko ndi nthambo yolemera ikani kanthambo kakafupi kofewa. Ndipo musadine batani lolankhulira eriyo isanalumikizidwe, mungawotche wailesi.

Vuto lina okonza mpikisano saliganizira. Malo oyimapo amawaika pomwe galimoto ya madzi ingafike, pamlatho kapena m'mbali mwa dambo, ndiye kunsi kwenikweni kumene wailesi imavutika. Pitani kudakali milungu iwiri, muime pamalo enieniwo, muyese. Zikakanika sunthani mapazi makumi awiri, nthawi zina ngakhale mita imodzi imasintha zinthu. Zikakanikabe, wailesi yaikulu ikhale pamtunda chapafupi ndipo wolemba manambala azilankhula nayo pa ya m'manja. Apo ayi, muike munthu wapakati pamwamba pa chitunda, wolandira uthenga n'kuupereka kutsogolo. Ameneyu apite ndi madzi, chipewa, batire yapadera ndi mnzake, poti akhala padzuwa tsiku lathunthu.

Tikakhala kuthengo kuyambira 5 koloko m'mawa mpaka 7 koloko usiku ndi wailesi ya m'galimoto. Batire ya sola ya kunyumba, ya 26Ah, ikwana? — Mphunzitsi, Santhe

Tiyeni tiwerengere limodzi, aphunzitsi. Ndi maola 14. Wailesi ya m'galimoto ikamangomvetsera imakoka pafupifupi 0.6A, ikamalankhula pa 25W imakoka pafupifupi 6A. Onani manambala enieni m'kabuku kake. Pamalo otanganidwa mumalankhula mphindi 6 pa ola lililonse. Kumvetsera ndiye maola 12.6 kuchulukitsa ndi 0.6, zikupereka 7.6Ah. Kulankhula ndi maola 1.4 kuchulukitsa ndi 6, zikupereka 8.4Ah. Zonse pamodzi 16Ah.

Pamapepala 26Ah ikuoneka yokwana, koma batire ya asidi siyenera kutsitsidwa kupitirira theka, ndiye yanuyo ili ndi 13Ah yokha yogwiritsa ntchito, ndipo ngati yatumikira zaka ziwiri pakhomo ndi yocheperaponso. Pezani ya 40Ah, kapena tsitsani mphamvu ya wailesi kufika pa 10W ngati likulu likukumvani bwino, zomwe zimatheka eriyo ikakhala m'mwamba. Sola ya 50W imabweza pafupifupi 3A dzuwa likaswa mtengo, koma musaidalire pansi pa mitengo kapena tsiku la mitambo.

Tengani mita yoyezera magetsi. Batire yopuma ikamaonetsa 12.6V ndi yodzaza, pa 12.1V yafika theka. Ikamatsika pansi pa 11.7V polankhula, wailesi imayamba kuzima n'kuyakanso yokha. Pa waya wofiira, pafupi ndi batire penipeni, pakhale fyuzi ya 15A. Musalumikize ku batire ya galimoto imene ikuyembekezeka kunyamula wodwala. Komanso mukalola mmodzi kutchaja foni, mudzi wonse ubwera, choncho nenanitu m'mawa kuti batireyi ndi ya wailesi yokha.

Mawailesi a m'manja aliyense akhale ndi batire yachiwiri. M'miyezi ya June ndi July, pamene kumazizira kwambiri m'mamawa, yapaderayo isungeni m'thumba la mkati mwa jekete.

Mawailesi tinagula tokha pasitolo. Pakufunikanso chilolezo? Nanga popeza njira ikudutsa m'mphepete mwa Kasungu National Park, sitingangolowa pa tchanelo ya alonda a nkhalango? — Wowerenga, Chulu

Kugula wailesi si chilolezo cholankhulira pa mafunde alionse. Amene amagawa mafunde m'dziko muno ndi bungwe la MACRA, potsata lamulo la Communications Act la 2016, ndipo ndi udindo wa okonza mpikisano kukapempha kumeneko nthawi idakalipo. Mafunde a 144 mpaka 146 MHz ndi 430 mpaka 440 MHz ndi a anthu okhala ndi chiphaso cha amateur radio, cha anthu olankhulana pa wailesi mongokonda osati pa malonda, amene kuno mayina awo oitanirana amayamba ndi 7Q. Mawailesi otchipa amabwera ndi matchanelo oikidwiratu kufakitale, ndipo ena mwa iwo angagwere pa mafunde a eni ake. Afufuteni, muikemo okhawo amene mwapatsidwa.

Za tchanelo ya alonda, ayi ndithu. Imeneyo ndi ya ntchito yawo yolondera nyama. Pemphani ku nthambi yoona za nyama zakutchire kuti mlonda mmodzi akhale nanu pamalopo ndi wailesi yake. Za njovu azinena ndi iyeyo, inu muzingopereka kulikulu. Kumbukirani kuti mu 2022 njovu 263 zinasamutsidwa kuchoka ku Liwonde kubwera m'nkhalango imeneyi. Mulinso akashembe ofalitsa matenda a kaodzera, ndipo amakopeka ndi zovala za buluu ndi zakuda, ndiye valani za khaki za manja aatali.

Poyeserera, ife timawamva a kulikulu bwinobwino koma iwo satimva. Chalakwika n'chiyani? — Mayi wa ku Mkanda

Mayi, yambani ndi zosavuta. Wailesi ya m'manja igwireni choimirira, eriyo iloze kumwamba. Mukaigoneka mphamvu yambiri imatayika. Dinani batani, dikirani sekondi imodzi, kenako lankhulani, pakamwa patalikire masentimita 5, msana mutalozetsa kumphepo. Onaninso batire, chifukwa yofooka imamvetsera bwino koma imagwa mukangodina.

Zikapitirira, vuto lili m'makonzedwe. Nthawi zambiri ndi CTCSS, kamvekedwe kapansipansi kamene wailesi imatumiza pamodzi ndi mawu anu. Ngati ya kulikulu ikudikira 88.5 Hz ndipo yanu sikutumiza kalikonse, imakhala duu ngakhale mafunde anu akufika. Dziwaninso kuti CTCSS siibisa nkhani. Aliyense wokhala pa tchanelo imeneyo akukumvani. Ngati mukudzera pa ripita, makina olandira mawu anu n'kuwatumizanso kutali, wailesi yanu iyenera kulankhulira pa nambala ina n'kumvera pa ina, ndipo pa mafunde a 145 MHz kusiyana kwake kumakhala 600 kHz. Mukasemphanitsa chizindikiro chochotsera ndi chophatikiza, ripita siikumvani. Mawu akamamveka otsika kwambiri kapena ophwanyika, wailesi ina ili pa narrow ina pa wide m'makonzedwe a kukula kwa tchanelo, zonse zifanane.

Zitakonzeka, khomani mabatani kuti asadinike m'thumba, zimitsani VOX, yochititsa wailesi kutumiza yokha ikamva mawu, ndipo ikani TOT, malire a nthawi yolankhula, pa masekondi 90. Munthu mmodzi akakhalira batani lolankhulira, tchanelo yonse imatsekeka, anthu n'kumamvera macheza ake osatha kumuuza. TOT imadula yokha.

Kodi pa wailesipo timanena chiyani kwenikweni? Othamanga alipo oposa 100. — Mlangizi wa achinyamata, Kapiri

Ntchito yaikulu siili pa wailesi, ili pa pepala. Pamalo pakhale anthu atatu: woitana manambala, wolemba, ndi wogwira wailesi. Wolembayo asagawe madzi, asasende nthochi, asajambule zithunzi. Pepala likhale ndi mizere ya nambala ya pachifuwa, nthawi yofika, nthawi yonyamuka, ndi pochonga uthenga ukatumizidwa. Lembani ndi pensulo, chifukwa bolopeni imafufutika pepala likanyowa, ndipo mapepala akhale m'jumbo. M'mawa mawotchi onse afanane ndi ya kulikulu, ndipo nthawi ilembedwe motere, 14:20, osati "cha m'ma 2".

Pa tchanelo pali mwini bwalo mmodzi, ndiye likulu. Malo 4 salankhula ndi Malo 5 asanapemphe. Mayina a anthu sagwira ntchito, chifukwa ogwira wailesi amasinthana koma dzina la malo silisintha. Kulankhulana kwake kumamveka chonchi:

"Likulu, kuno ndi Malo 4, ndili ndi manambala asanu."
"Malo 4, nenani."
"0-1-5, nthawi 11:42. 0-5-0, 11:44. 1-1-3, 11:51..."

Likulu libwereze manambalawo, inu muvomere, ndipo pamenepo mpomwe muchonge. Tchulani nambala imodziimodzi, ziro, wani, faifi, chifukwa fifitini ndi fifite pa wailesi ya phokoso n'chimodzimodzi. Asanu pa ulendo umodzi akwana. Mukatero siyani batani masekondi atatu kuti wa ngozi apeze mpata. Atatu oyambirira aamuna ndi aakazi atumizeni nthawi yomweyo, popeza kumapeto anthu akudikira, koma ena onse mutha kusonkhanitsa mphindi 15 zilizonse.

Uthenga wofunika kuposa wa wopambana ndi wa amene wasiyira panjira. Mulembeni, muchonge nambala yake, munene kuti ali pati ndipo achoka pa chiyani. Asakwere kabaza musanamulembe. Ngakhale palibe chonena, itanani likulu mphindi 30 zilizonse, kuti mukakhala chete adziwe kuti chinachake chavuta. Gwirizananinso za tchanelo yachiwiri yothawirako, ndi malo apafupi pomwe netiweki ya TNM kapena Airtel imagwira. Uthenga wa SMS umadutsa pomwe kuimba kukukanika. Kufupi ndi malire foni imatha kulumphira pa netiweki ya ku Zambia, choncho isankhireni nokha netiweki m'malo moisiya isankhe yokha.

Wothamanga akagwa pamalo pathu, ine wogwira wailesi nditani? Sindine wachipatala. — Wowerenga, Chinkhoma

Musachoke pa wailesi. Ena agwire wodwala, inu mugwire uthenga. Nenani "Ngozi, ngozi, kuno ndi Malo 4," ndipo ena onse akhale chete mpaka likulu litawamasula. Musanadine, lembani pa pepala zinthu izi: nambala yake, mwamuna kapena mkazi, chachitika n'chiyani ndipo nthawi yanji, akuyankha kapena ayi, akupuma bwanji, athandizidwa chiyani, mukufuna chiyani, ndipo galimoto ingafike mpaka pati. Dzina lake musalitchule, poti tchanelo ili ndi makutu ambiri ndipo mbiri ingafike kwa abale ake itapotoka. Nenani zimene mukuona, monga "akulankhula zosamveka, wasanza kawiri," osati dzina la matenda.

Pali mavuto awiri ofanana maonekedwe koma osiyana chithandizo, ndipo adokotala a kulikulu adzakufunsani mafunso kuti awasiyanitse. Loyamba ndi kutenthedwa thupi kupitirira madigiri 40, kofala m'miyezi ya October ndi November: munthu amasokonezeka, amadzandira, thupi lili juu. Ameneyu amafunika kumuziziritsa pomwepo, galimoto isanabwere. Muikeni pamthunzi, mumuthire madzi ozizira thupi lonse mosalekeza, mumukupize. Lachiwiri ndi kuchepa kwa mchere m'magazi chifukwa chomwa madzi ochuluka. Uyunso amasokonezeka ndi kusanza, koma zala zimatupa, wotchi imathina, ndipo anzake amati wakhala akumwa pa malo alionse. Kumuwonjezera madzi ndi kumuika pangozi. N'chifukwa chake funso loti "wamwa zochuluka bwanji" lifunsidwe msanga.

Wokomoka sapatsidwa chilichonse pakamwa, mugonekeni chammbali. Mkodzo wakuda ngati tiyi wopanda mkaka unenedwe kulikulu, ndipo munthuyo asapitirize, chifukwa impso zili pachiswe. Pa chifukwa chomwecho musagawe ibuprofen kapena diclofenac pamalo oyimapo. Wolumidwa ndi njoka, kaya mphiri, musamutemere, musamuyamwe, musamumange lamba. Agone, mwendo usagwedezeke, anyamulidwe, ndipo nthawi imene walumidwa ilembedwe.

Ngozi ikachitikira pakati pa malo awiri, pafunika manambala a GPS. Foni imawapeza ngakhale popanda netiweki. Gwirizanani kalembedwe kamodzi, monga 13.8012 kummwera ndi 32.9044 kummawa. Manambala anayi kumanja kwa kadontho amakufikitsani mkati mwa mamita 11. Wina akawerenga za madigiri ndi maminitsi, wolandira n'kulemba ngati za kadontho, ambulansi ingasochere makilomita ambiri. Onjezani chizindikiro chimene woyendetsa wa m'deralo angachidziwe: mjigo, chigafa cha fodya, sukulu, mphambano.

Mlongoti wansungwi pamwamba pa phiri sungaitane mphenzi? — Mlimi, Nkhwazi

Ungaitane. Mukaona kung'anima werengani masekondi mpaka bingu. Atatu alionse ndi kilomita imodzi. Akachepera 30, uzani likulu, chotsani nthambo ku wailesi muiponye kutali, tsikani paphiri, mulowe m'galimoto kapena m'nyumba. Mubwerere patatha mphindi 30 bingu lomaliza litamveka. M'chilimwe choopsa ndi moto wolusa, ndiye lambulani udzu mamita asanu kuzungulira hema. Mlongoti umangidwe ndi zingwe zitatu ndipo utalikire mawaya a magetsi kuwirikiza kawiri msinkhu wake.

Pali chinanso. Mitengo yaitali yokhala payokha pafupi ndi mudzi kawirikawiri ndi manda kapena dambwe. Musakolekemo eriyo. Kaonaneni ndi a mfumu mpikisano usanafike, akulozereni poyenera, ndipo muwapemphe auze ana kuti asachotse maliboni olozera njira.

Tingapasule hema nthawi yanji? Chaka chatha kwina anthu anachoka wothamanga mmodzi akadali m'njira. — Wowerenga, Waliranji

Nthawi yotsekera ikakwana, chotsekedwa ndi njira ya othamanga ochedwa, osati wailesi. Mumachoka zinthu zitatu zikachitika. Otsalira kumbuyo, aja oyenda pambuyo pa wothamanga womaliza, afika pamalo panu. Manambala agwirizana, kutanthauza kuti onse amene ananyamuka pa Malo 3 ndi ofanana ndi amene adutsa panu kuphatikiza amene asiyira. Ndipo likulu lanena lokha kuti tsekani.

Mmodzi akasowa musathamangire kuthengo. Kawirikawiri ndi nambala yolembedwa molakwika, 68 m'malo mwa 86, kapena munthu anadutsa wolemba atatembenuka, kapena anatopa n'kukwera njinga yamoto osatsanzika. Werenganinso pepala lanu, likulu lifunse Malo 5 ngati wafikako, lifunse otsalira kumbuyo, liyese foni yake. Zonsezi zisadye mphindi zoposa 20. Zikakanika, kufufuza kumayambira pomwe anaonedwa komaliza, ndipo poyamba ndi pa mphambano pomwe njira ya kudimba kapena ya ngolo imapatuka. Ofufuza apite awiriawiri ndi wailesi, tochi, madzi ndi bulangete, limodzi ndi munthu wa m'mudzimo wodziwa tinjira, ndipo aziitana mphindi 10 zilizonse. M'mwezi wa June dzuwa limalowa cha m'ma 17:30, choncho ganizo lofufuza lisadikire mdima.

Mukaloledwa kutseka, eriyo yaitali itsike pomalizira, katundu yense atakwera. Wailesi ya m'manja ikhale yoyaka m'galimoto mpaka mutafika pomwe foni ikugwira, ndipo mapepala onse, ngakhale ofufutafufuta, akaperekedwe m'manja mwa a kulikulu usiku womwewo.